Dzenje Lakuda Kumsana kwa Masikipa

Amai, kodi kumene muliko zikuyenda bwanji?

Kuno ku Nyampande tadzuka, tonse ndife amoyo. Ndine Esinati wanu uja wa pakamwa posatseka. Ndakhala pakhonde panu pomwe, pampando wanu wogwedela uja umene munkakana kuti titaye, ndipo ndang'amba mapepala pakati pa kope chifukwa nkhani zachuluka. Khalani bwinobwino, kalatayi ndi yaitali.

Ndiyambe ndi zokoma. Masauso wanu tsopano ndi bambo wa ana atatu. Mlamu wanga wa ku Nyalugwe uja anachila bwino kuchipatala cha ku Minga, mwana wamkazi, ndipo tinamupatsa dzina lanu, Belita. Dzina lokha likanakwana, koma mwanayo watenga ndi mphumi yanu yomwe, ndi ukali womwe. Akafuna bele safuna kumva zoti amake akutsuka mbale. Amalila kamodzi kokha, nyumba yonse n'kuimilila, monga tinkachitila ife mukangotsokomola pakhomo.

Chimanga chachita bwino kumunda wakumtunda. Kudambo madzi anakhalitsa, ndiye tangotolako zochepa. Koma nshawa, amai, musanene, takhala tikuswa mpaka zala kuchita matuza. Nkhokwe yanu tinaifolela udzu watsopano. Kavuto kamene kalipo ndi mbuzi ya amalume aSaulosi, mlongo wanu uja, imene inalowa m'dimba mwanga n'kumeta lepu yense mpaka pansi. Nditaigwila n'kupita nayo kwawo, amalume anakana kwamtuwagalu kuti mbuziyo saidziwa, uku mbuziyo ikuwanyambita m'manja. Ndinangoseka. Munkati mlongo wanu akamanama makutu ake amagwedela, ndipo tsiku limenelo anagwedeladi.

Tsopano nkhani yeniyeni. Loweluka lapitali tinavundukula chiliza chanu. Ndikudziwa munationa titavala zofanana, tikuimba ngati banja lolongosoka. Koma munaona kutsogolo kokha. Zimene zinachitika kuti Nelia, mzime wanu, afike poima pamanda anu, ndikufuna muzimve kwa ine musanazimve kwa ena, chifukwa wopalamula wamkulu pankhaniyi ndi ine ndemwe.

Mukudziwa kuti pamalilo anu Nelia sanalipo. Anali ku Joni, kusukulu yake yosatha ija. Uthenga unamupeza, koma pomwe ankasaka ulendo ife tinali titaika kale, poti kunali kutentha kwa chilimwe ndipo sitikanadikila. Chichokeleni pamenepo zaka ziwili zadutsa asanapondeko kuno. Khisimasi yoyamba anati mayeso. Yachiwili anati mapepala a ulendo. Ine ndinamulela kumsana mwana ameneyo, sangandibise kanthu. Ndinkadziwa kuti akuopa manda anu. Ndiye titapangana za chiliza, ndinalumbila mumtima kuti zivute zitani, ulendo uno Nelia abwela.

Munkakonda kundifunsa kuti kodi mwanayu amaphunzila chiyani chosatha chonchi, ine n'kumangoti za nyenyezi. Lelo ndikhoza kukuyankhani bwinoko, poti ndaphunzitsidwa, ndipo ndaphunzitsidwa mochititsa manyazi. Kumwambako, kutali kupitilila nyenyezi zimene timaona pabwalo, kuli malo amene zinthu zambilimbili zinapanikizana pamodzi, mwakuti mphamvu yake yokoka ndi yoopsa. Chimene chayandikila kwambili chimamezedwa, ndipo ngakhale kuwala kwenikweniku kukalowa sikutuluka. Amalitcha dzenje lakuda. Dzenje lenilenilo silioneka. Chimene chimaoneka ndi mpweya wotentha umene umazungulila m'mphepete mwake usanamezedwe. Mpweyawo umayaka, ndiye pakati pamatsala mthunzi wakuda, kunja kwake mkombelo wa moto.

Nelia sakhala pa makina oonela kumwamba ayi. Ntchito yake ndi masamu. Amauza kompyuta kuti tiyelekeze dzenjelo likuzungulila mothamanga chonchi, lapendekela mbali iyi, mpweya wake watentha mwakuti, mphamvu ya maginito ilipo yochuluka chonchi, kodi likanaoneka bwanji? Kompyuta imaphika masamuwo masiku ambili, kenaka imatulutsa chithunzi. Ndiye pali anzake ena amene ali ndi mbale zikuluzikulu, zonga zokokela TV zija koma zazikulu kuposa nyumba, zomwazika m'maiko ambili. Mbalezo zimaloza kumwamba nthawi imodzi, ndipo akaphatikiza zimene zatola amapeza mmene dzenjelo likuonekela zenizeni. Pamapeto amaika ziwilizo pafupi, cha masamu uku, cha kumwamba uku. Zikafanana, ndiye kuti kuganiza kwa munthuyo kwayandikila choonadi. Zikasiyana, cha masamu ndicho chimagonja, chifukwa kumwamba sungakuuze kuti kusinthe.

Zonsezi ndikuzidziwa lelo. Nthawi yokolola sindinkazidziwa. Tsiku lina ndili kumunda foni inalila, ndipo ndinapeza Nelia watumiza chithunzi ndi mau akuti, asisi onani mwana wanga wa zaka zitatu. Chinali chokongola, amai. Mkombelo wofiila ngati mbaula ukamaiyang'ana kuchokela pamwamba, mbali yam'munsi yowala kwambili, pakati bii. Ine pompo ndinagamula kuti mwana wa amai wajambula dzenje lakuda ndi manja ake. Sindinafunse. Safunsa anadya phula, munkandiuza kuyambila ndili wamng'ono, ndipo phula limeneli ndinalidya ndi sipuni. Ndinaonetsa aliyense: pamjigo, kuchigayo, kutchalitchi tikutuluka. Pofika kumsika wa ku Petauke nkhaniyo inali itamela miyendo, ati Nelia anakwela yekha kumwambako ndi kamela m'khosi. Ndinaimva choncho ndipo sindinaikonze, chifukwa inkandikomela.

Mukudziwa mwambo wa masiku ano, kuti pa chiliza banja limavala zofanana. Tinagwilizana masikipa oyela, kutsogolo nkhope yanu, chithunzi cha paukwati wa Masauso chija mutamanga duku lobiliwila. Ndine ndinatumidwa ku boma kukasindikizitsa. Nditafika, bambo wosindikiza anandifunsa ngati kumsana tisiye kopanda kanthu. Pamenepo m'pamene nzelu zanga zinandipha. Ndinati amai anavutika ndi sukulu ya mwana ameneyu, anagulitsa nkhuku ndi nshawa zaka zonse zija, lekani anthu aone chimene chinatulukamo. Ndinapeleka chithunzi cha Nelia, ndi kulamula kuti m'munsi mwake alembe kuti, Chimene anaona mwana wa Belita. Bamboyo anachiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa ngati ndi tayala likupsa. Ndinamuyankha mwamwano ndithu kuti asindikize, za sayansi azisiyile eni ake. Masikipa makumi anayi, amai, ndipo ndinagawa pafupifupi onse tsiku lomwelo.

M'mawa mwake ine ndi Masauso tinavala athu, tinatembenuka, mlamu n'kutijambula kumsana. Ndinatumiza kwa Nelia ndili ndi chimwemwe chodzadza tsaya, ndikuti akaona zimenezi tikiti agula lelo lomwe. Foni inaonetsa kuti waona. Tsiku loyamba zii. Lachiwili zii. Lachitatu masana ndikuswa nshawa, anaimba.

Anayamba ndi kundiuza, modekha ngati akulankhula ndi wodwala, kuti chimene ndasindikizacho si chithunzi cha kumwamba ayi, ndi cha kompyuta yake, choyelekezela chabe. Ine ndinati nanga vuto lili pati, si ntchito yako yomweyo? Ndiye anandiuza chachiwili. Sabata yapitayo anali ataika chithunzi chakecho pafupi ndi zimene mbale zija zatola, ndipo chake chinagwa. Kukula kwa mkombelo kunafanana. Mbali yowala inafanananso. Koma dzenje lake limaphethila kwambili, kuwala kumakwela ndi kutsika ngati nyali ya palafini pamphepo, pomwe lenilenilo limayaka modekha. Anayesa kusintha apa ndi apo. Akakonza kuphethilako mkombelo umaonongeka, akakonza mkombelo kuphethila kumabwelela. Aphunzitsi ake anamuuza kuti si tsoka, alembe bwinobwino kuti njila imeneyo yatsekeka, anthu ena asatayilepo nthawi. Koma mau a Nelia anali a munthu amene watayika. Pomaliza anangoti, "Asisi, sindibwela."

Amai, mtima wanga mumaudziwa. M'malo momunyengelela ndinayaka. Ndinamuuza kuti dzenje lakelo kaya likhale lakuda, kaya lobiliwila, kaya liziphethila mpaka Yesu adzabwele, manda a amai ake ndi omwewo ndipo akumudikila. Ndinamuuza kuti sukulu yamulowa m'mutu. Ndinanenanso zina zimene sindilemba pano chifukwa mungandidzukile. Anadula foni, ine n'kutsala ndikukalipila nkhuku.

Ndikanadziwa kuti mavuto akungoyamba. Mlamu anavala sikipa yake popita kuchigayo, poti ndi yatsopano, ndipo kumbuyo kwake pamzele kunaima amai Daka a kwaya aja, amene munkati maso awo amaona ndi za m'thumba lotseka. Anaona mkombelo wa moto, pakati pakuda, ndi mau akuti chimene anaona mwana wa Belita. Pofika Lamulungu mudzi wonse unali ukunong'ona kuti banja lathu lalowa za satana, kuti chimene chili kumsanacho ndi diso, ndipo wabweletsa ndi mwana wa ku Joni uja, n'chifukwa chake sukulu yake siitha ndipo kumudzi safika. Ena anayamba kulumpha njila akationa. Lolemba masana akatekisiti anafika panjinga, anakhala pampando wanu womwewu, n'kunena mwaulemu kuti iwo sakukhulupilila zimenezo, koma a kwaya anena kuti kumanda sakaimba pokhapokha wina afotokoze chimene chili pamasikipa.

Ndinayesa kufotokoza. Ndinayamba bwino ndi nyenyezi, ndinafika pa kumeza, ndipo nditangoti chimameza chilichonse ngakhale kuwala, ndinaona nkhope ya akatekisiti ikusintha. Amalume aSaulosi, amene anabwela osaitanidwa, anati andithandize, n'kunena kuti ndi kadamsana chabe, anamuonapo ali mnyamata. Ine ndinati si kadamsana. Iwo anati ndi kadamsana. Tinakangana pamaso pa mlendo mpaka akatekisiti anadzuka, n'kunena kuti mwina ndi bwino mwini wake adzafotokoze yekha.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa mwake ndinameza manyazi, ndinakwela pachulu paja pamene foni imagwila bwino, n'kumuimbila. Sindinayambe ndi kupepesa, mukundidziwa. Ndinayamba ndi nkhani ya amai Daka ndi diso la satana. Nelia anaseka, amai. Anaseka mpaka kutsamwa, kuseka kwake kuja kwa ali mwana, kokoka mpweya ngati pampu ya njinga. Nanenso ndinaseka. Kenaka ndinamva kuti kusekako kwasanduka kulila, ndipo ananena chimene chinali pansi pa zonsezi.

"Asisi, amai akudwala ine ndinakhala kuno chifukwa cha chinthu chimenechi. Ndinati ndimalize kaye. Manje chapezeka kuti n'cholakwa. Ndikaima bwanji pamanda pawo?"

Apa, amai, ndiyenela kukunenelani kwa inu nomwe. Mukukumbuka kuchipatala, masiku omaliza aja, mutandigwila pamkono mwamphamvu ngati si munthu wodwala? Munati mwanayo tisamusokoneze, akaimba tizimuuza kuti muli bwino. Ine ndinamvela, monga ndinkamvela zonse. Nelia akaimba ndinkatuluka panja, n'kumuuza kuti mukupezako bwino, mwadya phala, mwakhala tsonga, pomwe ngakhale madzi sankatsika. Mutatisiya ndinakhala nacho chinthu chimenecho zaka ziwili, osauza munthu, ndikudzinamiza kuti ndikusunga mau a amai. Koma pachulu paja ndinaona kuti mwanayo wasenza katundu amene si wake. Ndiye ndinanena.

"Nelia, iwe sunasankhe masamu kusiya amai. Unafunsa katatu ngati ubwele, ndipo katatu konseko ndinakunamiza. Amai anandituma, koma pakamwa panali panga."

Anayankha ndi mau ouma.

"Si katatu. Kasanu."

Anadula. Ndinatsika pachulu ndisakudziwa ngati ndakonza kapena ndaswelatu mbale yonse. Sabata imeneyo ndinagwila ntchito ngati wamisala kuti ndisaganize. Tinalambula kumanda, tinaphika thobwa migolo iwili, Masauso anapita kukatenga achibale a ku Nyalugwe. Aliyense wondifunsa za Nelia ndinkamuyankha kuti tiona. Ndinkaopa, amai. Ndinkaopa kuti ndataya inu, ndipo tsopano ndataya ndi mng'ono wanga yemwe chifukwa cha pakamwa panga, poyamba ponama, kenaka ponena zoona.

Lachisanu masana ndikusefa ufa, foni inalila. Sanapeleke moni. Kumbuyo kwake ndinkamva phokoso la basi ndi amai ogulitsa akuitanila malonda.

"Ndili pa Nyimba. Nthochi ndigule zingati?"

Ndinakhala pansi pomwepo, padothi, ufa uli m'manja. Ndinamuuza kuti agule msika wonse. Ndinavula chitenje cha ufacho, ndinathamangila galimoto ya ku boma, n'kukamudikila pa siteshoni ku Petauke. Atatsika ndinatsala pang'ono kumuphonya. Waonda, wameta tsitsi, wavala magalasi, koma kuyenda ndi kwanu kuja koponya phazi lamanzele kunja. Sitinakumbatilane. Anangondipatsa mkoko wa nthochi kuti ndinyamule. Tili m'galimoto anandiuza kuti akadali wokwiya nane, ndipo akhala wokwiya kwa kanthawi. Ndinati ndi ufulu wake. Titayenda mtunda ndithu anathyola nthochi imodzi, anasenda, n'kundipatsa theka.

Loweluka m'mawa anthu anadzadza pabwalo panu, ena obwela kudzalemekeza inu, ena obwela kudzaona mwana wa satana. A kwaya anakhala paokha pansi pa mango, manja atapinda. Ine ndinali nditamukonzela Nelia bulauzi yoyela yopanda chithunzi, kuti ndisamuonjezele manyazi. Anaikankhila pambali n'kuvala sikipa. Akatekisiti atamupatsa mpata, anaitana Masauso, anamutembenuza, msana wa bambo wa ana atatu n'kusanduka bolodi. M'dzanja lina ananyamula pepala limene anabwela nalo, la zimene mbale zija zinatola kumwamba. Ndipo analankhula Chinsenga, amai, chija ndinkati anachisiya ku Joni, chosasakaniza ndi Chizungu ngakhale pang'ono.

Anafotokoza za dzenje, za mpweya woyaka, za mbale. Anthu ankamvela koma nkhope zinali zolimba. Ndiye anafunsa ngati alipo amene akukumbuka zimene Belita ankachita mvula isanagwe. Amai angapo anayang'anana. Anawakumbutsa kuti inu simunkapita ndi mbeu kumunda musanaiyese. Munkatapa dzanja limodzi pa mbeu iliyonse, ya m'nkhokwe, yopemphedwa kwa anzanu, ngakhale yogula m'sitolo ya m'pepala lokongola, n'kukulunga m'chisaka chonyowa kuseli kwa mtsuko. Pakatha sabata munkafunyulula. Imene sinamele simunkaibyala, ngakhale chitsononkho chake chikhale chachikulu bwanji. Munkati mbeu siidziwika m'manja, imadziwika ikamela. Amai Daka anagwedeza mutu, poti iwonso mbeu yawo munaikanapo chaka china, ndipo mpaka lelo sanaiwale.

Nelia anati ntchito yake ndi chisaka chonyowa chomwecho. Chithunzi chili kumsana kwa Masauso ndi mbeu imene anaisamala zaka zitatu, yooneka bwino m'manja. Pepala linalo ndi kumwamba kwenikweni. Ataziika pamodzi, mbeu yake sinamele. Analoza pamene ziwilizo zikufanana, n'kufotokoza za kuphethila kuja kumene kunazisiyanitsa. Anati tsopano iye ndi anzake akudziwa kuti dzenjelo silili monga ankaganizila, ndiye atenga mbeu ina n'kuyesanso. Amai Daka anafunsa ngati dzenjelo lingadzatimeze kuno ku Nyampande. Nelia anati lili kutali moti kuwala kwake kunanyamuka kalekale makolo athu asanabadwe, tigone mtima uli m'malo. Pamenepo amalume aSaulosi anaimilila, anadzikoka sikipa kuti aone kumsana kwawo, n'kufunsa mokweza ngati tonse makumi anayi tavala mbeu yosamela. Nelia anati inde amalume, ndipo wosindikizitsa ndi asisi. Bwalo lonse linagwa ndi phwete, maso onse ali pa ine. Ndinaseka nawo, nanga ndikanatani? Amai Daka anapukuta misozi ya kuseka, anati kani ndi homuweki ya mwana chabe, ndipo nyimbo yopitila kumanda anaiyambitsa okha.

Panjila Nelia ankayenda pambuyo panga. Titalowa kumanda anandipitilila, n'kulunjika kumtengo waukulu wa msuku uja uli pafupi ndi njila. Anafika pamenepo n'kuima, akuyang'ana uku ndi uku. Palibe anamuuzapo kuti muli pamenepo. Anangodziikila yekha m'mutu, zaka ziwili zonsezi, kuti amai ake anagona pamthunzi wa msuku. Inu muli kum'mawa, pafupi ndi akulu anu, pamalo opanda mtengo pamene dzuwa limayambila kuwomba. Ndinapita, ndinamugwila dzanja, n'kumutembenuza. Sanakane.

Akatekisiti anapemphela, amalume anachotsa nsalu, mwala n'kuonekela. Nelia anagwada. Anayendetsa chala pa dzina lanu, chilembo chimodzichimodzi, monga munkamuphunzitsila kuwelenga pa thumba la feteleza. Kenaka anati, "Amai, ndabwela. Ndachedwa, koma ndabwela." Ndipo analila malilo amene sanalile, malilo atsopano, ngati mwatisiya m'mawa womwewo. Amai a kwaya anasiya nyimbo n'kumuthandiza kulila. Akatekisiti anatseka buku n'kudikila, sanafulumize munthu. Ine ndinagwada pambali pake, ndipo pakati pa kulilako anatsamila paphewa panga. Sindinanene kanthu, amai. Kamodzi kokha m'moyo wanga ndinatseka pakamwa.

Tikubwelela anandiuza kuti malo amene muli ndi abwino kuposa amene ankaganiza, chifukwa munkakonda kuothela dzuwa la m'mawa. Madzulo ake anadya ngati munthu wochokela kumunda, anamunyamula Belita wamng'ono mpaka mwanayo anamukodzela, anthu n'kunena kuti wamulandila.

Wakhala nafe masiku asanu. M'mawa ankathandiza kuswa nshawa, masana ankakhala pakhonde pano ndi kompyuta yake pamiyendo, akuyamba mbeu yatsopano. Akuti ulendo uno ayesa dzenje la maginito amphamvu, aone ngati lingayake modekha. Ndinamufunsa ngati limeneli ndiye likhoza. Anati sakudziwa, mwina ligwanso, adzadziwa akaliika pafupi ndi la kumwamba. Anandiletsa kusindikiza chilichonse chimene anganditumizile ndisanafunse. Koma popakila katundu ndinamuona akulowetsa masikipa awili m'chikwama, ina yake, ina akuti aphunzitsi ake aipempha atamva nkhani ya amai Daka.

Dzulo ndinamupelekeza ku Petauke. Basi itanyamuka, ndinadzela ku Minga kukapimitsa, chifukwa mutu wakhala ukundiwawa masabata angapo ndipo sindinauze munthu. Apeza kuti magazi akuthamanga pang'ono. Si zoopsa, andipatsa mapilitsi ndi kundiletsa mchele wambili. Ndinatuluka ndi kapepala kanga, ndipo mtima unayamba kale kundiuza kuti mwanayo ali paulendo, ali ndi ntchito yaikulu, ndimusiye. Anali mau anu enieni, amai, ndinawazindikila. Ndinaima pageti pomwepo n'kumuimbila. Anali atangodutsa Nyimba. Ndinamuwelengela manambala onse monga analembedwela pakapepalapo, osachotsa, osakometsela. Anandikalipila za mchele mpaka foni inaduka m'mapili.

Amai, ndinakumvelani pa zonse muli moyo, ndipo zambili ndikumvelabe. Mbeu ndiziyesa m'chisaka, nkhokwe ndiziifolela, mlongo wanu ndizimupilila ndi mbuzi zake. Koma pa ichi chokha mundikhululukile. Ndikulonjeza kuti wina akadwala pakhomo pano, kaya ndi Masauso, kaya ndi khanda, kaya ndi ine, Nelia adzamva tsiku lomwelo, ndipo adzamva mmene zilili. Kubwela kapena kusabwela adzasankha yekha.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambili.

Ndine mwana wanu,
Esinati